Nyanja m'Galasi: Mbiri ya Kuŵeta Nsomba za m'Madzi a Mchere

Ife a kuno tikamva mawu akuti nyanja, maganizo athu amathamangira ku Nyanja ya Malaŵi kapena ku Malombe, kumene munthu amatunga madzi n'kumwa. Koma nkhani ya lero ikutitengera ku nyanja zikuluzikulu za mchere, zimene zazinga maiko a dziko lapansi. M'nyanja zimenezo, makamaka m'madera otentha, muli nsomba zing'onozing'ono za maonekedwe odabwitsa: zina zachikasu ngati dzira, zina zobiriŵira, zina za mizeremizere ngati mbidzi. Kwa zaka zambiri anthu akhala akulakalaka kusunga nsomba zoterezi m'nyumba zawo, m'mathanki a galasi, kuti azizionerera monga momwe ena amaonerera maluŵa. Lero tiona m'mene ntchito imeneyi inayambira, chimene chinkapha nsombazo, ndi amene analipira mtengo wake pamene anthu anali kuphunzira.

Tiyambe ndi madziwo, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu imakhala ndi mchere wolemera pafupifupi magalamu 35, ndiko kuti masupuni aakulu aŵiri. Mchere wochuluka chotere umakoka madzi kuchoka m'thupi la nsomba, kotero kuti nsomba ya m'nyanja ya mchere imakhalira kumwa madzi tsiku lonse, n'kumatulutsa mcherewo kudzera m'ziŵalo zake zopumira za m'mbali mwa mutu. Chambo chathu sichitero, popeza madzi amaloŵa okha m'thupi mwake. Chinanso n'chakuti nyanja yaikulu sisinthasintha msanga. Kutentha kwake, mchere wake ndi ukhondo wake zimakhala pafupifupi chimodzimodzi chaka ndi chaka. Nsomba ya m'dambo inazoloŵera matope a dzinja ndi chithaphwi cha chilimwe, koma ya m'matanthwe a korali siidziŵa mavuto otere. Madzi akangosintha pang'ono, imadwala kapena kufa.

Anthu oyamba amene mbiri imawatchula kwambiri pa kuŵeta nsomba za mchere ndi Aroma, zaka zoposa 2,000 zapitazo. Iwo sankazisunga m'galasi. Anthu achuma ankakumba maiŵe m'mphepete mwa nyanja, n'kutsegula ngalande kuti madzi aziloŵa ndi kutuluka. Kazembe wina wankhondo dzina lake Lucullus anaboola phiri pafupi ndi mzinda wa Naples kuti madzi a m'nyanja afike m'maiŵe ake. Olemba a nthaŵiyo amasimba za Crassus, amene analira maliro a mkunga wake, ndi za mayi wina wa banja lachifumu, Antonia, amene anaveka mkunga wake ndolo. Cicero ankanyoza anthu otereŵa kuti amasamala nsomba kuposa dziko. Komatu tiyenera kuona kuti Aroma sanathetse vuto la madzi, anangolilambalala. Nyanja yeniyeniyo ndiyo inkatsuka maiŵe awo. Funso lovuta linali likadalipo: kodi nsomba ya mchere ingakhale moyo kutali ndi nyanja?

Amene anayamba kuyankha funsoli anali amayi aŵiri. Woyamba ndi Jeanne Villepreux-Power wa ku France, amene poyamba anali wosoka zovala ku Paris, kenaka n'kukakhala ku Messina pa chilumba cha Sicily. M'chaka cha 1832 iye anakonza mabokosi a galasi ndi zikwere zina zoika m'madzi, kuti aonetsetse khalidwe la kanyama ka mikono isanu ndi itatu kotchedwa argonaut. Akatswiri ankatsutsana ngati kanyamaka kamapanga kokha chigoba chake kapena kamachita kutola. Mayiyu anakasunga, nakayang'anira tsiku ndi tsiku, mpaka anaonetsa kuti kamapanga kokha. Apa anthu anazindikira kuti bokosi la galasi likhoza kukhala zenera loonera za pansi pa nyanja.

Wachiŵiri ndi Anna Thynne wa ku England. M'chaka cha 1846 iye anatola makorali amoyo ku gombe la Torquay, napita nawo kwawo ku London. Korali amaoneka ngati mwala kapena duŵa, koma ndi tinyama tamoyo timene timadzimangira nyumba za laimu. Popeza London ali kutali ndi gombe, madzi atsopano sankapezeka tsiku lililonse. Tsono mayiyu anaganiza zomatsanula madzi omwewo kuchoka m'chiŵiya china kupita m'china, pafupi ndi zenera lotsegula, kwa theka la ola kapena kupitirirapo, kuti amwe mpweya. Ntchito yotopetsayi inkagwiridwa ndi wantchito wa m'nyumba mwake. Makorali aja anakhala moyo pafupifupi zaka zitatu. Phunziro loyamba linapezeka pamenepo, lakuti madzi a m'nyanja amafuna kuyenda ndi kupuma.

Phunziro lachiŵiri linachokera kwa katswiri wa mankhwala, Robert Warington, amene m'chaka cha 1850 anafotokozera akatswiri anzake ku London zimene anapeza. Iye anaika nsomba ziŵiri za m'madzi opanda mchere m'chiŵiya chachikulu cha galasi pamodzi ndi chomera cha m'madzi. Chomeracho chinkatulutsa mpweya wabwino umene nsomba zinkapuma, ndipo nsombazo zinkatulutsa mpweya umene chomera chinkafuna. Masamba ofota atayamba kuola ndi kudetsa madzi, anaikamo nkhono zoti zidye zonyansazo, ndipo madzi anayeranso. Pambuyo pake anayesa njira yomweyo ndi madzi a mchere. Anthu anakondwa poganiza kuti chinsinsi chonse chapezeka: nsomba, chomera ndi nkhono, basi. Tiona kuti anafulumira kukondwa.

Munthu amene anafalitsa nkhaniyi ndi Philip Henry Gosse, katswiri wa zachilengedwe. M'chaka cha 1853 malo osungira nyama a London Zoo anatsegula nyumba ya nsomba, yoyamba ya mtundu wake yoti anthu wamba azikaonerera, ndipo Gosse anathandiza kusonkhanitsa zamoyo zoikamo. Chaka chotsatira, 1854, anatulutsa buku lotchedwa The Aquarium, limene linatchukitsa mawu akuti akwariyamu, kutanthauza thanki ya galasi yosungiramo zamoyo za m'madzi. Analembanso njira yopangira madzi a m'nyanja pa nyumba, posakaniza mchere wa pa ndiwo ndi michere ina itatu. Zinthu zina ziŵiri zinathandiza: msonkho wa galasi unali utachotsedwa m'chaka cha 1845, ndipo njanji zinali zitafika ku gombe. Posachedwa mabanja ambiri a ku England anafuna kukhala ndi kanyanja kawo pa balaza.

Koma chisangalalocho sichinakhalitse. M'nyumba zambiri madzi ankachita chiphadzuŵa cha milungu ingapo, kenaka n'kuyamba kununkha, zamoyo zonse n'kufa. Mwini thanki ankangotaya madziwo n'kuitanitsa zina. Kuitanitsa zina kumeneku ndiko kunabala tsoka. Anthu anakhamukira m'zithaphwi za m'miyala za ku gombe ndi nyundo, tchizulo ndi mitsuko, kukagumula ndi kutola chilichonse chokongola. Mwana wa Gosse, Edmund, polemba buku la Father and Son m'chaka cha 1907, anadandaula kuti zithaphwi zimene ankaziona ali mwana zinali zitasanduka bwinja, ndipo anavomera kuti mabuku a bambo ake omwe anathandiza kubweretsa zimenezi. Omvera, musaiŵale mfundo iyi, pakuti ibweranso: munthu akalephera kusamala madzi a m'thanki, nyanja ndiyo imalipira.

Pamene a m'nyumba ankagwa mphwayi, mwamuna wina wa ku London dzina lake William Alford Lloyd, amene anali ndi sitolo ya mathanki ndi zamoyo za m'nyanja, anazindikira kuti zomera zokha sizingakwanitse ntchitoyo. Iye anati madzi ayenera kukhala ochuluka ndiponso oyenda usana ndi usiku. Anakonza nkhokwe zikuluzikulu za madzi pansi pa nthaka, mu mdima, ndipo makina ankapopa madziwo kupita m'mathanki oonetsera n'kubwereranso. Njira imeneyi anaigwiritsa ntchito ku Hamburg m'chaka cha 1864 ndi ku Crystal Palace m'chaka cha 1871, ndipo inatengedwanso ku Naples, pa malo ofufuzira zamoyo za m'nyanja amene Anton Dohrn anakhazikitsa m'chaka cha 1872. Nsomba zinayamba kukhala zaka. Komabe zimenezi zinkatheka kwa maboma ndi mabungwe olemera okha. Munthu wamba anabwerera ku nsomba za m'madzi opanda mchere, zimene sizivuta kwambiri.

Nanga chinkapha nsomba m'mathanki aang'ono aja chinali chiyani? Mdaniyo anali wosaoneka ndi maso. Nsomba ikadya, thupi lake limatulutsa poizoni wotchedwa amoniya, yemwe fungo lake timalimva m'khola la nkhuku losasesa. M'nyanja yaikulu poizoniyu amasungunuka n'kuzimirira, koma m'thanki amaunjikana, ndipo m'madzi a mchere amaluma kwambiri kuposa m'madzi ambiri a m'mitsinje. Cha m'ma 1890 katswiri wa ku Russia, Sergei Winogradsky, anaonetsa kuti pali mabakiteriya amene amadya amoniya n'kumusandutsa mankhwala ena otchedwa nitrite, ndiponso ena amene amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe alibe ululu wambiri. Iye ankafufuza za nthaka ya m'munda, ndipo panapita zaka zambiri oŵeta nsomba asanazindikire kuti tizilombo tomweti timakhalanso pa mchenga ndi miyala ya m'thanki. Atazindikira, anamvetsa chifukwa chake thanki yatsopano imapha nsomba: tizilomboti timafuna milungu inayi kapena isanu ndi umodzi kuti tichulukane. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri mwa oŵeta oyamba aja sanadekhe.

Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, zinthu zinasintha mofulumira. Ndege zinayamba kuuluka maulendo aatali, ndipo m'zaka za m'ma 1950 amalonda anayamba kulongedza nsomba m'matumba a pulasitiki okhala ndi madzi pang'ono ndi mpweya wa okosijeni. Nsomba yogwidwa ku Manila inkatha kufika ku New York kapena ku Frankfurt ili yamoyo. Kale mathanki ankakhala ndi mafelemu achitsulo, amene mchere unkadya n'kuthira dzimbiri m'madzi. M'zaka za m'ma 1960 kunabwera guluu wa silikoni wolumikizira magalasi okhaokha. M'zaka zomwezo mchere wopangidwa ku fakitale, monga wa Instant Ocean, unayamba kugulitsidwa m'mapaketi, kotero kuti munthu wokhala kutali ndi gombe ankangosungunula m'madzi oyera. Ku Germany anakonza chipangizo chimene chimatakasa madzi ndi mpweya mpaka kuchita thovu, ndipo thovulo limanyamula zonyansa zisanaole, monga momwe mafunde amachitira pa gombe.

Chinthu china chofunika chinachokera ku Jakarta m'dziko la Indonesia. M'chaka cha 1961 Lee Chin Eng analemba za njira yake yosavuta. Iye ankaika m'thanki miyala yotengedwa m'nyanja ikadali ndi ndere, tinyongolotsi ndi tizilombo take, n'kumangopopera mpweya. Akatswiri ambiri a ku Ulaya ndi ku America sanamukhulupirire poyamba. Koma patapita zaka, oŵeta nsomba a mumzinda wa Berlin anaphatikiza miyala yamoyoyi ndi chipangizo cha thovu chija ndi nyali zoŵala kwambiri, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1980 anali kusunga makorali amene kale ankanenedwa kuti sangakhale m'galasi. Nyali zinali zofunika chifukwa m'thupi la makorali ambiri mumakhala ndere zing'onozing'ono zimene zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuŵala.

Malamulo amene oŵeta amatsata masiku ano ndi zipatso za zolakwa zonsezi. Amasunga madzi pa kutentha kwa madigiri 24 mpaka 27. Madzi akaphwera chifukwa cha kutentha, amawonjezera madzi opanda mchere, popeza mchere suuluka ndi nthunzi, umatsalira momwemo. Pakapita mlungu umodzi kapena iŵiri amachotsa gawo laling'ono la madzi n'kuikamo atsopano. Sadyetsa mopitirira, pakuti chakudya chotsala ndicho chimabala amoniya. Nsomba yatsopano amaiyamba aisunga payokha kwa milungu ingapo, kuopa matenda a timaŵanga toyera amene amatha kupululutsa thanki yonse. Saunjika nsomba zambiri m'malo ochepa, ndipo sasakaniza zolusa ndi zofatsa. Mukaonetsetsa, pafupifupi malamulo onseŵa akunena za madzi. N'chifukwa chake oŵeta odziŵa amati iwo amaŵeta madzi, ndipo madziwo ndiwo amaŵeta nsomba.

Tsopano tibwerere ku mfundo ija ndinati musaiŵale. Malonda atakula, nsomba zonsezi zinkachokera kuti? Nsomba zambiri zokongoletsa za m'madzi opanda mchere zimaswetsedwa m'maiŵe. Ngakhale mbuna za m'Nyanja ya Malaŵi, zimene zimatumizidwa kunja zamoyo, zinaswana kwambiri m'mathanki a ku Ulaya, America ndi Asia. Koma nsomba zambiri za mchere zimagwidwa m'nyanja mwenimweni, makamaka ku Philippines ndi ku Indonesia, komanso ku Sri Lanka, ku zilumba za Pacific ndi ku gombe la Kenya kuno ku Africa. Bungwe la United Nations loona zachilengedwe linaŵerengera m'chaka cha 2003 kuti nsomba pakati pa mamiliyoni 20 ndi 24, za mitundu yoposa 1,400, zinkagulitsidwa chaka chilichonse.

Kugwira kansomba kobisala m'mphako za korali ndi ntchito yovuta. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, ku Philippines kunayamba mchitidwe wothira poizoni wa cyanide m'mphakozo. Woloŵa pansi pa madzi amafinya botolo, nsomba imakomoka, iye n'kuitola. Ife tikudziŵa zimene katupe amachita mumtsinje: sasankha, amapha zazikulu ndi tiana tomwe. Cyanide amateronso. Amapha makorali, amapha nsomba zimene msodzi sanazifune, ndipo imene yatoledwa imatha kuoneka yathanzi m'sitolo koma n'kufa patapita masiku kapena milungu, chifukwa za m'kati zinapsa kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula amaganiza kuti walakwitsa yekha, napita kukagula ina, ndipo msodzi wosauka amatumidwanso ndi botolo lake. Maiko aŵiri aja analetsa mchitidwewu, ndipo asodzi ambiri anaphunzitsidwa kugwiritsa ntchito timaukonde tofeŵa, koma kulondera zilumba zikwizikwi si ntchito yamaseŵera.

Nkhani ya kansomba kotchedwa Banggai cardinalfish ikuonetsa m'mene mtundu umodzi ungathere msanga. Kansombaka n'kasiliva, ka mizere yakuda ndi timadontho toyera, ndipo kwawo ndi kadera kakang'ono ka zilumba za Banggai, kum'maŵa kwa Sulawesi. Kanatchuka pakati pa oŵeta cha pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo pofika m'chaka cha 2007 kanali katalembedwa m'kaundula wa zamoyo zimene zili pangozi ya kutha. Kamafungatira mazira m'kamwa monga chambo ndi mbuna, kusiyana kwake n'kwakuti pa iko ndi bambo amene amafungatira, ndipo amakhala milungu ingapo osadya. Mazira ake ndi ochepa, ndipo ana ake sapita kutali, kotero kuti malo akakokoloredwa sadzazanso msanga.

Palinso ngozi ya mtundu wina. Nsomba yotchedwa lionfish, ya zipsepse zotambasuka ndi minga yaululu, kwawo ndi ku nyanja za Indian ndi Pacific. M'chaka cha 1985 inaoneka ku gombe la Florida, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti inatayidwa m'nyanja ndi anthu amene anatopa nayo m'mathanki. Popeza kumeneko kunalibe adani ake, inaswana n'kufalikira ku Bahamas ndi m'nyanja yonse ya Caribbean, ikudya tiana ta nsomba za kumeneko. Munthu amene anaitaya mwina ankaganiza kuti akuichitira chifundo.

Chiyembekezo chagona pa kuswetsa nsombazi m'mathanki, kuti nyanja ipume. Vuto lake n'lakuti ana a nsomba zambiri za mchere amaswedwa ali aang'ono kwambiri, pakamwa pawo posakwana chakudya chilichonse chooneka ndi maso. Akatswiri a ku Japan anapeza m'zaka za m'ma 1960 njira yoŵetera tizilombo ting'onoting'ono totchedwa rotifer todyetsa ana otere. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, Martin Moe wa ku Florida anayamba kuswetsa nsomba za clownfish zogulitsa. Izi ndi nsomba zofiirira za mizere yoyera zimene zinatchuka ndi kanema wa Finding Nemo wa m'chaka cha 2003. Zimaikira mazira pa mwala, yamphongo n'kumawalondera ndi kuwakupizira madzi mpaka ataswa patapita pafupifupi mlungu umodzi. Banggai cardinalfish nayonso inapezeka kuti imaswana bwino m'thanki.

Zina zinatenga nthaŵi yaitali. Nsomba yachikasu yotchedwa yellow tang imamwaza mazira m'madzi, ndipo ana ake amayandama pafupifupi miyezi iŵiri asanakhazikike m'matanthwe. Akatswiri a Oceanic Institute ku Hawaii anavutika nayo zaka zoposa khumi, mpaka anapambana m'chaka cha 2015. Chaka chotsatira, 2016, a pa University of Florida anaswetsa mnzake wobiriŵira, blue tang. Makorali nawonso tsopano amabzalidwa: munthu amathyola kanthambi, n'kukamata pa kamwala, ndipo kamakula monga phesi la chinangwa. Komabe mitundu imene imaswetsedwa mochuluka ikadali yochepa poyerekeza ndi imene imagulitsidwa. Ndiponso tisaiŵale mabanja a m'zilumba amene amadya chifukwa cha ntchitoyi. Kumene nsomba zimagwidwa ndi ukonde, mwa muyeso, malondaŵa amapatsa anthu chifukwa chotetezera matanthwe awo. Kuwalanda ntchito popanda china choloŵa m'malo kukhoza kuwakankhira ku usodzi wowononga koposa.

Omvera, kuchokera pa mayi uja wotsanula madzi pa zenera m'chaka cha 1846 kufika pa yellow tang yoswedwa m'thanki m'chaka cha 2015, panapita zaka 169. M'zaka zonsezo nsomba zosaŵerengeka zinafa m'magalasi chifukwa eni ake ankayang'ana maonekedwe a nsomba, osalabadira madzi amene nsombayo ikupuma. Lero munthu wofuna kuŵeta nsomba za mchere sanganene kuti sakudziŵa. Ayenera kukonza madzi ndi kudikira asanagule, afunse ngati nsombayo inaswedwa m'thanki kapena inagwidwa motani, ndipo akatopa nayo asaitaye m'nyanja. Kwa ife amene tili ndi nyanja yathuyathu, yodzala ndi nsomba zimene sizipezeka kwina kulikonse, nkhani ya zithaphwi za ku England ndi ya zilumba za Banggai ndi yoti tiisunge mumtima.